Tsiku limene ndinamwa madzi a injini ku Tengani

Anzanga, nkhani iyi sindinaitole pa bawo kapena m'minibasi ayi, inandichitikira ine mwini wakene dzuwa likuswa mtengo, ndipo wokayika abwere adzaone chipsera chili kuseri kwa khutu langali. Sinditchula dzina la munthu aliyense, chifukwa ambiri mwa iwo akadali moyo, ena timakumana m'maliro n'kumapatsana moni, ndipo ine milandu ndinatopa nayo.

Nditapuma ntchito ku kampani ya nzimbe kwathu kuno ku Chikwawa, anzanga amene tinapumira limodzi anagula ng'ombe, ena malata, koma ine ndinakagula njinga yamoto kwa munthu wina ku Blantyre amene anabwera nayo kuchokera ku Joni itayendapo kale. Musaganize za tinjinga ta kabaza timene tadzaza paliponseti. Ichi chinali chinjinga chakuda cha mpikisano, chija woyendetsa amachita kugonera pa thanki ngati buluzi pamwala, ndipo ndikachiliza m'mawa agalu a m'mudzi monse ankauwa. Ndinkachilakalaka kuyambira ndili mnyamata, ndiye ndinati ndifenso ndisanachikwere?

Koma kunena zoona chinandikalambitsa. Petulo chinkamwa ngati chidakwa cha pamaliro, tayala likatha unkachita kuitanitsa kunja n'kudikira mpaka kuiwala, amakaniko athu akachiona ankangokanda m'mutu, ndipo pamchenga chinkavina n'kundigwetsa anthu akuona. Msana ndi mikono zinkandiwawa sabata yonse ndikayenda ulendo umodzi. Mayi a kunyumba ankati ndinagula mkazi wachiwiri wosadziwa ngakhale kusenza thumba la chimanga, ndipo sankanama. Komabe ndinkapita nacho kumsika, kutchalitchi, kuchigayo kumene, ndipo mwezi ukatha ndinkakwera nacho mapiri aja opita ku Blantyre, kukafika ku Mulanje, ku Zomba, ku Mwanza, kungoona dziko basi. Ukachoka m'ng'anjo ya kuchigwa kuno n'kumva mphepo yozizira ikulowa m'jekete, unkaiwala zonse zimene chakulanda.

Ndiye kunabwera chaka chija mphekesera za anamapopa zinagwira madera athu ano, anthu n'kumagona panja m'magulu, aliyense akunena kuti mnansi wa msuweni wake anapopedwa magazi, koma wopopedwayo osamuona ndi maso. Nthawi yomweyo mlongo wawo wa mayi a kunyumba anamwalira ku Ndamera. Mayiwo anali kale komweko kudwazika matenda, ndipo anandiimbira foni kuti bambo, njingayo isiyeni, kwerani lole imene abale ndi amayi a mpingo apeza, mitu ya anthu kuno sili bwino. Ine ndinayankha kuti munthu wamkulu ngati ine sindingapsere pamwamba pa lole tsiku lonse chonsecho ndili ndi chokwera changa. Ndinavala jekete langa lakuda lachikopa, magolovesi, ndi chipewa chija chophimba mutu wonse chokhala ndi galasi lakuda kumaso, n'kunyamuka ndekha lole ikadasonkhanitsa anthu.

Unali mwezi wotentha uja mbuzi zimabisala pansi pa ngolo. Nditadutsa Bangula, kufika cha ku Tengani, ndinaona kamuvi kosonyeza kutentha kwa injini kakukwera, ndipo miyendo yanga inkachita kupsa. Njinga zimenezi zimazizira ndi madzi ake apadera, ofiira, ogula m'botolo, ndipo yangayi inkadontha pang'ono, choncho botolo ndinkayenda nalo m'chikwama. Ndinapatuka n'kuima pansi pa mtengo pafupi ndi mjigo pomwe amayi ankatunga madzi. Apa ndi pomwe ndinapusa. Ndinali wotopa, thukuta lili m'maso, ndiye sindinavule chipewa, sindinapite kukapereka moni, ndinangotsika n'kugwada pambali pa njinga. Pothirira madziwo panali pobisika mkati mwa zophimba za pulasitiki, moti ndinkagwiritsa ntchito kapaipi koonekera mkati. Ndinaika mbali ina m'botolo, mbali ina ndinailowetsa kunsi kwa chipewa n'kukoka ndi pakamwa kuti madzi ayambe kuyenda.

Tangoganizani inuyo mukanakhala mayi wa pamjigo uja, simunagone bwino masabata angapo chifukwa cha mantha, ndiye mukuona chinthu chakuda chopanda nkhope chatsika pa chinjinga chimene simunachionepo, chagwada, chikuyamwa zofiira m'paipi. Mukanatani?

Ndinangomva ndowa yagwa, kenako mfuu. Mayi mmodzi anakuwa kuti namapopa, anzake n'kulandira, ndipo mawuwo anayenda m'minda ya thonje ngati moto wa lupsa. Pomwe ndinkalimbana ndi lamba wa chipewa kuti ndivule, anthu anali akutuluka mbali zonse, ena ndi makasu, ena zikwanje, ena mipini. Chipewa chitangochoka, wina anandimenya ndi mpini kuseri kwa khutu ndipo ndinapezeka ndakhala pansi, dziko likuzungulira, magazi anga enieni akutsikira m'khosi.

Mafunso ankabwera ambirimbiri nthawi imodzi, ambiri mwa iwo m'Chisena. Ine Chisena ndimachimva ndithu, chija chogulira nsomba pamsika, koma tsiku limenelo chinandithawa chonse, ndinkangoyankha m'Chimang'anja chibwibwi chili tho. Anandifunsa kwathu, ndinanena. Anandifunsa mtundu wanga, ndinati ndife Amagololo, makolo athu ndi aja anabwera kalekale atasenza katundu wa mzungu kuchokera ku Zambezi. Ndinkayesa kuti ndikudzipulumutsa posonyeza kuti ndine mwana wa m'chigwa chomwechi, koma bambo wina anakuwa kuti mwamva nokha, awa anayamba kale kutumikira azungu, lero awatuma magazi. Foni anandilanda, ati ndi yoitanira anzanga.

Pakati pa chikhamucho ndinaona nkhope imene ndinkaidziwa. Anali bambo wina amene ankabwera kudzadula nzimbe kukampani kwathu, ndipo chaka china atadwala malungo anagona pakhomo panga, mayi a kunyumba akumuphikira phala mpaka anachira. Mtima unakhala pansi pang'ono. Ndinamuitana kuti achimwene, auzeni anthuwa kuti ndine ndani. Anthu onse anacheukira kwa iye. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana anzakewo, kenako anayang'ana pansi n'kunena mawu amodzi okha a Chisena, akuti nkhabe, kutanthauza kuti ayi, sakundidziwa. Anzanga, mpini uja unandipweteka, koma sunafike pomwe anafika mawu amenewo.

Kenako wina ananyamula botolo lija m'mwamba kuti onse aone. Ndinalumbira kuti si magazi, ndi madzi oziziritsa injini, ndiponso ndi poizoni. Iye anati ngati si magazi a ana athu, imwa tione. Wina kumbuyo anati akamwa ndiye kuti anazolowera, ndi chakudya chake. Mukuona pomwe ndinali? Kukana kunali kufa, kumwa kunalinso kufa. Ndipo anyamata anali atatsegula kale thanki ya njinga, akukoka petulo ndi kapaipi kanga komwe kaja n'kumathira m'chigubu, wina akugubuduza tayala lakutha kuchokera kumsewu. Ndinaganiza kuti poizoni amapha mochedwa kusiyana ndi moto, mwina Mulungu angapeze mpata pakatipo. Ndinalandira botolo n'kumwa. Anali otsekemera ngati madzi a nzimbe koma owawa kukhosi, ndipo ndinamwa ndithu mpaka wina anandilanda botololo kuti umboni usathe.

Sindidziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji akukangana. Ndimangokumbukira kuti sindinkaopanso, ndinangotopa, ndinkafuna achite zimene akuchitazo msanga ndigone. Kenako ndinamva nyimbo ya maliro ikuchokera kumsewu. Inali lole ija ndinaikana. Anthu anali atadzaza mpaka mumsewu moti dalaivala anaima, ndipo mlamu wanga, mkulu wawo wa mayi a kunyumba, anazindikira njinga ali pamwamba pa lole.

Mlamu wangayo ndi mayi wathupi, woyenda pang'onopang'ono chifukwa cha maondo, ndipo ine ndi iwo sitinkamwerana madzi kwenikweni. Koma tsiku limenelo anatsika, atavala bulauzi yoyera ya amayi a mpingo, anang'amba chikhamu chija pakati osakankha munthu, anafika pomwe ndinali n'kukhala pansi pafumbi, kundikhalira miyendo, n'kundifunditsa chitenje chawo kumutu. Ndili mkati mwa chitenjemo ndinawamva akulankhula Chisena chenicheni cha kwawo, mosakuwa. Anati uyu ndi mwamuna wa mng'ono wanga, tikukaika mlongo wathu ku Ndamera, anatchula mudzi ndi manda ake, ndipo anati wofuna kuthira petulo athire, koma ayambire pa ine. Amayi ena aja anatsikanso, akuimbabe, n'kutizungulira.

Ena m'chikhamumo anayamba kubwerera m'mbuyo, koma anyamata a chigubu aja anali atatentha kale, sakanabwerera chimanjamanja. Mlamu anaona zimenezo. Anawauza kuti ngati moto wanuwo ukufuna chakudya, icho chinjingacho, ndi chimene chakuopsani, munthuyu ndisiyireni. Ndipo anachitadi. Pomwe amuna a mu lole ankandinyamula, ndinasuzumira kunja kwa chitenje n'kuona utsi wakuda ukukwera, pulasitiki ikusungunuka n'kumadontha ngati phula, anthu akuthawa kuopa thanki.

Lole inayamba yakanditula kuchipatala ndikusanza, ndipo maliro a mlamu wanga wamwamuna sindinawaone. Madokotala anati ndikanachedwa pang'ono impso zikanaima. Zinapulumuka, koma sizinabwerere mwakale, moti mpaka lero miyendo imatupa ndipo ndikalima pang'ono ndimakhala pansi. Apolisi anagwira anthu angapo n'kumandiitana kuti ndikawazindikire. Ndinapita maulendo oyamba, kenako ndinaleka, chifukwa nkhope zonse zinkaoneka zofanana, anthu osauka, amantha, ovala zigamba, ndipo ulendo wokhawo unkandigonetsa masiku. Za bambo wodula nzimbe uja sindinawauze.

Mundiseke ngati mukufuna, koma miyezi ingapo ndinkawanyanyalira alamu anga chifukwa chopereka njinga yanga kumoto. Munthu ndi chinthu chodabwitsa. Iwo atamva anangoti akanadziwa akanapulumutsa njinga n'kusiya mwini wake.

Patapita zaka ndinakumana naye bambo wodula nzimbe uja pamsika wa ng'ombe ku Ngabu. Anandigwira dzanja ndi manja awiri osalisiya, n'kunena motsitsa mawu kuti achimwene, ndikanati ndikukudziwani akanati ndine amene ndinakuitanani, usiku womwewo nyumba yanga ikanapsa ndi ana momwemo. Sindinamutukwane. Ndinangomufunsa za kunyumba, iye n'kundifunsa za mayi, tinasiyana.

Mukandifunsa lero ngati anamapopa aliko, ndikuuzani kuti sindikudziwa, sindinamuonepo ndi mmodzi yemwe, ndipo namapopa yekha amene anthu a kumeneko anamugwira ndi manja anali ine, nkhalamba yopita kumaliro. Chimene ndikukhulupirira n'chakuti anthu aja sanali afiti kapena zigawenga, anali anthu opemphera ngati inu ndi ine, ndipo mantha akalowa m'mudzi safuna umboni, amafuna munthu. Ndiye inu oyenda pa njinga, mukaima pamudzi pa eni, yambani mwaonetsa nkhope n'kupereka moni musanagwire china chilichonse. Ndipo inu a pamudzi, mukadzamva mfuu n'kuthamangira komweko ndi mpini m'manja, n'kupeza kuti wakhala pansiyo mukumudziwa, nenani msanga anthu akadali ochepa, chifukwa akachuluka pakamwa panu padzalemera, ndipo si aliyense amene lole ya maliro imamutsatira m'mbuyo.