Bedi Kumene Nsonga Zaloza

Ruan Suzhen anakwatiwa ku Longquan mawondo ake ali abwinobwino. Anali mwana wa kumapiri kolima tiyi, wozolowera kutsetsereka ndi dengu kumsana, ndipo atabwera m'tauni anasoka maambulera mpaka fakitale inatsekedwa. Mwamuna wake, Pei Dehai, ankagulitsa matikiti pa depoti ya basi. Mowa sankamwa, dzanja sankakweza, akazi a eni sankawacheukira. Anzake a Suzhen ankati anatola mwayi, nayenso ankavomera, mpaka chaka chimene apongozi ake aamuna anamwalira n'kusiyira Dehai lupanga limodzi lokhota, lokulungidwa m'thalauza lakale.

Limodzi lija linaitana anzake. Pofika popuma ntchito, Dehai anali ndi malupanga odzaza makoma awiri: a mtundu wa tsamba la msondodzi, a mtundu wa mchira wa ng'ombe, ndi lina lowonda, lamizere ngati madzi oyenda, la mtundu wa nthenga ya tsekwe. Limeneli ankalinyamula ndi manja awiri ngati khanda. Suzhen ankalitcha Mayi Wamng'ono, ngati mkazi wachiwiri, poyamba moseka.

Nyumba yawo inali ndi zipinda zogona ziwiri. Cha kumpoto chinatsamira phiri, khoma lake linkatuluka thukuta, ndipo ndimo ankagona. Cha kummwera chinali chouma, dzuwa linkacheza momwemo mpaka madzulo. Mwana wawo Xiaoman atakwatiwa n'kuchisiya, Suzhen anasoka makatani atsopano. Asanawapachike, anapeza kalipentala akukhoma mashelefu.

"Chitsulo sichifuna chinyezi, mayi a Xiaoman," anatero Dehai.

"Nanga mafupa amachifuna?"

"Mafupa sachita dzimbiri."

Anaseka yekha, napita kukagulira malupanga makina oyamwa chinyezi.

Maso a Dehai anali pa malupanga, koma ntchito inagwera Suzhen osaipempha. Ndiye ankapukuta mafuta akale n'kupaka atsopano, atamanga kansalu pakamwa poti mpweya wa munthu umadetsa chitsulo. Ndiye ankasoka timatumba ta silika, kulukanso zingwe zothetheka pa zogwirira, kutaya madzi a m'makina aja m'mawa uliwonse. Alendo akabwera ankawathirira tiyi n'kuima pakhomo.

"A Pei, koma muli ndi manja! Lupanga la makolo kuwala chonchi?"

Dehai ankayang'ana manja ake n'kumwetulira.

Zimenezo Suzhen akanazimeza. Chimene chinkamudya n'chakuti mwamuna yemweyo, amene ankaona kadontho kochepa ngati chitowe pa Mayi Wamng'ono ali chiimire pakhomo, anatha nyengo yonse yozizira osaona kuti mkazi wake wayamba kutsika masitepe chammbali. Akazi anzake ankadandaula za atsikana a m'malo ometera tsitsi owalanda amuna. Iye akanadandaula kwa yani? Mtsikana amakalamba, mwina amakwatiwa n'kusamuka. Koma Mayi Wamng'ono anali atakalamba kale asanabwere, ndipo kukalambako ndiye kukongola kwake.

Chaka china mvumbi wa mu Juni unakana kutha. Nsapato zinamera nkhungu pansi pa bedi, mawondo a Suzhen anatupa ngati mikate yophika pa nthunzi. Tsiku lina masana kunabwera mlamu wake Jinfeng, mlongo wa Dehai, atanyamula mpunga wokulunga m'masamba. Anangosuzumira m'chipinda cha malupanga n'kuwomba m'manja.

"Achimwene, mukufuna kudula ndani? Nsonga iyi yaloza kukhomo!"

Mlendo wadzulo anali atabweza lupanga limodzi chozondotsa. Dehai analumpha ngati waponda khala, nalitembenuza.

"Mwaiwala za bambo?" anapitiriza Jinfeng. "Nsonga ikaloza khomo imadula mwayi wolowa. Ikaloza munthu wogona imamudya pang'onopang'ono. Kwa a Pei sitiseweretsa zimenezi."

"Ndikudziwa, iwe, usandilalikire m'nyumba mwanga," anatero Dehai.

Suzhen anali chiimire ndi ketulo. Anayang'ana makoma awiri aja. Malupanga onse anagona chopingasa, zogwirira kukhomo, nsonga kuwindo. Pansi pa windo panali malo opanda kanthu. Anawayesa ndi maso monga ankayesera nsalu ya ambulera.

Lamlungu m'mawa Dehai anapita kumsika wa zinthu zakale. Suzhen anamasula bedi. Anakoka thabwa limodzi, n'kupuma, n'kukokanso lina. Matiresi anachita kuwakankha ndi phewa. Pamene Dehai ankalowa ndi ambulera yodontha, anamupeza atakhala pabedi pansi pa windo, makatani aja atapachikidwa, nsonga zonse zitamuloza.

"Mayi a Xiaoman! Mwapenga? Chokanipo pamenepo!"

"Ndatopa, mdala. Ndigona kaye."

"Simukuona kumene zaloza?"

"Zitembenuzeni."

"Ziloze kukhomo?"

"Ziimikeni ndiye, ziloze pansi."

"Pansipa pamagona agogo a m'nyumba yapansi!"

"Kumwamba?"

"Ndiloze kumwamba ndi chitsulo, ine? Mukufuna mphezi?"

"Basi zisiyeni zindiloze. Ndazilera ndekha, zimandidziwa fungo. Mayi Wamng'ono akafuna kundidya andidye, wakhala akundidya kale."

Anagona chagada n'kutseka maso. Mtima unkagunda ngati makina osokera. Anamva mwamuna wake akuzungulira m'chipindamo, akuguguda makoma, akung'ung'udza.  Kenaka anamva shelefu ikulira, lupanga loyamba likuchotsedwa.

Dehai anatuta masana onse, limodzilimodzi, kupita nawo ku chipinda cha kumpoto. Nthenga ya tsekwe inatuluka pomalizira, itafunditsidwa jekete lake. Suzhen ankaonera m'kona mwa diso. Wasankha ine, anatero mumtima. Mdala uyu, kani amandiona. Anadzuka kuti akamuphikire zakudya za msuzi wa nkhumba zimene amazikonda.

Ali kukhitchini anamva makina oyamwa chinyezi akukokedwa. Zimenezo anaziyembekezera. Atabwera ndi mbale, anakumana ndi Dehai pakhomo atapanira pilo wake kukhwapa, dzanja lina litagwira kabedi kopinda ka alendo.

"Pilo akupita kuti?"

"Khoma lija limatuluka thukuta. Pafunika munthu woliyang'anira."

"Ndagonamo zaka zonsezi, sindinamve kuti likufuna mlonda."

"Inu gonani padzuwa, mawondo apole," anatero mokoma mtima ndithu, nalandira mbale ija. "Mwaona? Aliyense wapeza malo ake."

Mvumbi unatha. Mawondo a Suzhen anaphwa, anayambanso kutsika masitepe choyang'ana kutsogolo. Jinfeng atabwera anagwira makatani, nagogoda khoma louma.

"Alamu, ndinu katswiri! Chipinda mwalanda popanda ndewu."

"Ndalanda," anatero Suzhen.

Kuseri kwa khoma kunamveka chifuwa. Dehai anali atayamba kutsokomola chilowere m'chinyezi muja, chifuwa chouma chosamva mankhwala, koma za kusamuka sankafuna kumva.

"Mayo, achimwene anga," anatero Jinfeng. "Simukuwamvera chisoni?"

Suzhen anatchera khutu, akusenda zipatso zoti awiritsire Dehai ndi uchi. Anafufuza chisoni mumtima mwake mosamala, monga ankachitira chilichonse, koma anapezamo china. Iye anakhala ndi munthuyu kuyambira utsikana mpaka imvi, ndipo munthuyu sanayambe wadwalapo chifukwa cha iye.