Njira Yokhotakhota ya a Mzere

Alamu anga, amuna a achemwali, anapenta mizere ya mumsewu zaka makumi atatu ndi chimodzi. Anthu amawatcha a Mzere, ndipo achemwali akakwiya amawaitana dzina lomwelo. Ine sukulu ndinaithawa tisanafike pogwira rula, koma chowongoka ndimachidziwa. Munthu uyu sanakhotepo. Mzere wa buluku lawo mutha kudulira sopo. Akafuna kuwoloka msewu amayenda kaye mpaka pa mizere yowolokerapo, kaya ili kutali chotani, akuti anaipenta okha ndiye sangainyoze.

Ntchito yawo inali ya chingwe ndi choko. Msomali uku, wina uko, chingwe chopaka choko n'kuchikoka, kuchinyamula pakati ndi zala ziwiri n'kuchisiya, thapu! Kenako burashi. Malamulo anali nawo awiri. Loyamba, mzere wosadukiza sudumphidwa. Lachiwiri, wopenta saponda ntchito yake. Atapuma ntchito anabwera kunyumba ndi malamulo onse awiri, chingwe chija, ndi zitini zitatu za penti yoyera zomwe anzawo anawapatsa potsanzikana. Ena amapatsidwa wotchi.

Chaka chatha achemwali anadwala matenda ofa ziwalo. Mwendo wakumanzere unayamba kukoka. Pakamwa pokha ndi pamene panatsala pabwinobwino, tsoka lathu ife. Dokotala sanabise: aziyenda ndi ndodo tsiku ndi tsiku, apo ayi mwendowo uuma ndipo pampando sadzachokaponso. Achemwali anakana. Iwo ndi telala, munthu woona ulusi wotsalira pakolala ya munthu amene ali tsidya lina la msewu. Akuti sangakoke mwendo ngati thumba la makala pamaso pa anthu amene anawasokera madiresi. Ndiponso akagwa kutali ndi nyumba, awatola ndani?

“Ndikutolani ine,” anatero alamu.

“Inu? Ndikagwa tsidya linalo muyamba mwakafuna powolokera.”

Miyezi iwiri inatha ali pampando wa matayala, mwendo ukuwonda tikuona.

Kuseri kwa nyumba zathu kuli kapaki kokhala ndi mabenchi awiri ndi simenti ya bwalo lakale la netibo. M'mawa wina ndinapeza alamu atagwada pakati pa simentiyo. Anali atakhoma msomali umodzi wokha, chingwe atachimanga mfundo zisanu ndi zitatu, ndipo ankazungulira ndi choko ngati mbuzi yapachingwe.

“Alamu, mwadwala? Mzere wanu ukukhota.”

“Ukukhota mwadongosolo,” anayankha osadzutsa mutu.

Anandifotokozera kuti anaziona m'magazini yong'ambika kuchipatala, podikira mankhwala. Ndi njira imodzi yopanda mphambano. Imalowa, kuzungulira, kubwerera, kuzunguliranso mpaka kukafika pakati. Munthu amayenda mapazi mazana atatu koma benchi ili pomwepo, akuiona. Akagwa, wagwa pafupi. M'lifupi mwake anayeza kuti mukwane mapazi awiri a achemwali ndi ndodo pambali.

Anapenta masiku asanu. Mlonda wa paki anabwera kudzafunsa chilolezo, koma ataona ukhondo wa mizereyo anangoti ndi za boma, n'kuwavulira chipewa. Anthu odutsa ena ankati ndi nkhono, ena ankati ndi matumbo. Penti itauma anthuwo anayamba kuyendamo, koma mwachidule, kudumpha mizere ngati akuwoloka ngalande. Alamu ankaima m'mphepete akukalipa. Anthu ena a msewu wakumtunda anabwera kudzapempha kuti akawapentere yawo pamene msewu wawo umathera. Alamu anati adikire, mwiniwake wa iyi sanaione.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinakankha achemwali kupita kupaki. Anavomera pa chifukwa chimodzi chokha: kukaona chinthu chimene chaboola mawondo a buluku la amuna awo.

Anaiyang'ana nthawi yaitali, maso akutsata njirayo momwe amatsatira msoko wa telala mnzawo.

“Yatsekeka.”

“Chiyani?” anafunsa alamu.

“Njira yanuyi. Pokhota pachinayi apo. Mwaitseka.”

“Sizingatheke. Ine zaka makumi atatu...”

“Ndi chimodzi, tonse tikudziwa. Yatsekeka.”

Ndikuuzeni zoona zake. Pamene njira imakhota kulowa mumzere wina, dzanja la alamu linachita chomwe linazolowera pamphambano iliyonse m'tauni: linajambula mzere wopingasa, uja woimitsa galimoto. Poti wopenta saponda ntchito yake, iwo sanayendemo. Enawo ankangodumpha, ndiye palibe anazindikira.

Alamu anatsinzinitsa maso ali m'mphepete, nati sakuona cholakwika. Ine ndinachiona bwinobwino. Koma ndine mng'ono wa achemwali, ndimadziwa pokanda.

“Alamu, musadandaule,” ndinatero. “Matendawa afika m'maso. Dokotala anati zimachitika.”

Achemwali ananditembenukira pang'onopang'ono.

“Iwe chitsiru, bwera nayo ndodo.”

Ndinawapatsa. Anadzuka kachitatu, kawiri koyambako mpando unawaitananso. Ndinafuna kuwagwira mkono, anandimenya ndi chigongono. Analowa pakhomo pa njirayo. Ndodo patsogolo, mwendo wabwino, kenako winawo ukubwera m'mbuyo ngati mwana wokana kupita kusukulu. Pokhota poyamba anaima, thukuta lili kamukamu, nati penti yachuluka mbali imodzi. Pachiwiri anati choko sichinafufutidwe. Amayi awiri amene anali pabenchi, makasitomala awo akale, anayang'ana. Achemwali sanawaone n'komwe, anali pantchito.

Atafika pokhota pachinayi anagogoda mzerewo ndi ndodo, go, go.

“A Mzere! Ichi n'chiyani? Chokongoletsa?”

Alamu anatola burashi ya waya m'chikwama, n'kulowa. Kuchokera pomwe anaima kufika pomwe panali achemwali panali mapazi asanu okha, koma iwo anakayambira pakhomo, kuzungulira konse, akazi awo ali chiimire akunjenjemera.

“Fulumirani, kapena ndingodumpha?”

“Osadumpha, mayi. Ndi wosadukiza.”

Anafika, anayang'ana pansi, nagwada. Anapala mzerewo pamapazi pa akazi awo, khwe, khwe, khwe. Sindinawaonepo akufufuta mzere wawo. Nditafunsa ngati ndingawajambule pafoni, onse awiri anandiyankha pamodzi, mawu ake sindingalembe.

Njira itatseguka achemwali sanabwerere. Akuti munthu wolakwitsa kamodzi salephera kulakwitsa kawiri. Anapitirira, alamu ali pambuyo atatambasula manja osawakhudza. Zinatenga nthawi yoti munthu n'kumeta anthu atatu. Anafika pakati, pomwe panali kabowo ka msomali.

“Ndiye pano pali chiyani?”

“Palibe,” anatero alamu.

“Mwandiyendetsa ulendo wonsewu kuti ndidzaone palibe?”

“Ndi mmene imakhalira.”

“Potulukira ndi pati?”

“Momwe munalowera.”

Achemwali anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumawondo obookawo. Ndinafuula kuti ndibweretse mpando.

“Ukhale pomwepo iwe, ungaponde mizere ya anthu,” anatero achemwali.

Anapuma atatsamira phewa la amuna awo, kenako anatembenuka n'kuyamba ulendo wobwerera. Pofika pabenchi anali atapeza zolakwika zina zinayi. Amayi aja anawasunthira malo, mmodzi n'kufunsa ngati makina osokera ayambanso kulira. Achemwali anati aona kaye mwendo wopalasira.

M'mawa mwake ndikutsuka mano panja ndinamva mawu a achemwali kuchokera kunyumba kwawo, zenera lili lotsegula.

“Dzukani. Pamzere wachisanu ndi chimodzi pali popanikiza, ndodo inatsala pang'ono kutuluka.”

“Ndinayeza, mayi.”

“Munayeza ndi chiyani? Valani nsapato, ndikakuonetseni.”