Akazi Anga ndi Kapinga wa ku Fourways

Akazi anga atafika ku Joni mu Disembala wa 2001, sanayambe ndi kudandaula za kuwonda kwanga ayi. Anayamba ndi udzu. Titangolowa pa geti ya abwana ku Fourways, chikwama chili pamutu, iwo n'kuima chilili.

"Abambo, ndiye ntchito munkaitama pa foni ija ndi imeneyi? Udzu mpaka pakhomo pa nyumba! Njoka sizikulowerani?"

Ndinaseka mpaka misozi. Ndinawauza kuti ameneyu ndi kapinga, mayi, ndipo womulera ndine. M'mawa ndimathirira, kumapeto kwa sabata ndimatchetcha ndi makina, m'mphepete ndimadula ndi sizasi yaikulu, nyengo yozizira ndimawaza manyowa onunkha aja kuti chisanu chikatha aphukire msanga. Iwo anangoti, "Ooo." Ine n'kumati nkhani yatha.

Kwathu ku Dedza, pakhomo pa munthu wakhama pamakhala poyera, popanda ndi kaudzu komwe. Apongozi akabwera amayang'ana pabwalo asanayang'ane nkhope yako. Ndipo pa nkhani yolambula ndi kusesa, akazi anga mudzi wonse unkawadziwa.

Ine ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Ndinakhalamo ndekha zaka zambiri, kulankhula ndi wailesi. Ndinachonderera abwana nthawi yaitali kuti akazi anga abwere, ndipo anavomera monyinyirika, amvekere tiyese kaye tione. Choncho kachipinda kameneko ndiko kanali banja lathu. Kukataya kunali kubwerera ku moyo wakale uja, wina kuno wina ku Malawi.

Abwana ndi adona anali atapita kunyanja kukadyera Khirisimasi. Tsiku lina ndinapita kukagwira ganyu pa nyumba ina, kukadulira mpanda wa maluwa. Pobwera masana, ndikutsegula geti, mayo ine! Kuyambira pa khonde mpaka pa mtengo wa jakaranda panali dothi lofiira lokhalokha. Kapinga anali ataunjikidwa mu wilibala, wina mulu pambali. Pansi anali atasesa bwinobwino, mizere ya tsache ikuoneka. Akazi anga anali atakhala pa sitepe, thukuta lili kamukamu, pambali pali kakhasu kawo kamene anabwera nako pa basi. Ankamwetulira.

"Ndati ndikuthandizeni, azungu anu akabwera asakuyeseni aulesi. Mbali inayo ndimaliza mawa."

Ine ndine wa mtima wapachala, zimenezo sindibisa. Ndinakalipa m'Chichewa, ndinakalipa m'Chizulu, Chingerezi chomwe chinatuluka. Iwo anangozyolika n'kumayang'ana m'manja mwawo, mmene munali mutatuluka matuza. Mkwiyo wanga unathera pomwepo. Munthu wabwera dziko la eni, chiyankhulo sachidziwa, msika saudziwa, ndiye wandipatsa chinthu chimodzi chimene amachidziwa kuposa aliyense. Ndinakhala nawo pa sitepe paja, ndinawakonda kwambiri, kwinaku ndikuganiza za tsiku lobwera abwana.

Tinayamba kubzala madzulo omwewo. Ndinawaonetsa kusankha timizu toyanga ta kapinga pa mulu paja n'kumatikwirira m'mizere.

"Aa, si mmene timabzalira mbatata izi? Bwanji osanena kale?"

Ndipo anandiposa liwiro, ine katswiri wa kapinga ndikutsalira m'mbuyo, iwo akundiseka kuti Joni wandifewetsa msana. Mvula ya mabingu ya masana ija inatithandiza, paipi nayo sinapume. Koma kapinga sathamangitsidwa. Tsiku limene galimoto ya abwana inalowa pa geti, pabwalo panali ngati mutu wa mwana wa zipere.

Abwana sanali munthu woipa. Jekete yanga yoyamba ya ku Joni anandipatsa ndi iwo. Koma kapinga uja ankamunyadira, alendo akabwera kudzawotcha nyama ankayamba awaonetsa pabwalo. Anatsika m'galimoto, anazungulira malo onse, nkhope ili psuu. Akazi anga anatuluka n'kugwada pa dothi pomwepo.

"Muwauze kuti ndachita ndine," anandiuza. "Musawonjezere, musachotsere."

Ndinamasulira. Abwana anapumira m'mwamba, kenaka anati ntchito yanga amaikonda, ndikhale, koma mayiyu abwerere kwawo, ya basi apereka okha. Pa nyumba pawo safunapo munthu amene sangathe kulankhula naye.

"Akuti chiyani?" akazi anga anafunsa.

"Akuti inu mubwerere kumudzi."

"Chabwino, ndipita. Inu ntchito musataye, ana tawasiya kumudzi aja adya chiyani?"

Ananena mofatsa ngati akunena za mtengo wa tomato. Pamenepo ndiye mtima unandiwawa. Ndinalowa m'kanyumba ka zipangizo, ndinapachika sizasi pamalo pake, ndinakulunga paipi, n'kukapereka makiyi kwa abwana. Anadabwa, anati ndiganize bwino. Ndinawathokoza ndi manja awiri. Potuluka ndinacheuka kuyang'ana kapinga wanga, pakuti sindinama, ndinkamukonda, ndipo mbali imene inatsala ija inali yobiriwira kuposa ya nyumba iliyonse mu msewu umenewo.

Mnzanga wina wa ku Chipata, amene tinkapemphera naye limodzi, anatipezera kanyumba ka malata ndi mapulasitiki ku Kya Sand. Ntchito yokhazikika ndinalibe, ndinayamba kuima pa msewu kudikira maganyu a m'mabwalo a anthu ngati mlendo wofika dzulo.

M'mawa woyamba nditadzuka ndinapeza akazi anga ali panja. Kutsogolo kwa chitseko kunali thengo, udzu wofika m'maondo, zitini, mabotolo osweka. Iwo anali ataima ndi kakhasu kawo m'manja, osayamba. Munthu amene kwathu sankapempha chilolezo kwa wina aliyense anandiyang'ana mwamantha ngati mwana.

"Abambo, nanga udzu uwu? Uli ndi mwini wake?"

"Palani, mayi," ndinatero. "Pano eni ake ndinu."