Mbawala ya m'munda wa nandolo

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, ndimamva fungo la zikopa zimene ankakhomera pansi kuseri kwa nkhokwe, losakanikirana ndi utsi wa nkhuni zaziwisi umene unkakana kukwera chiperoni chikatsika m'phiri. Anabwera nafe kuchokera kwa Apwitikizi atanyamula uta wokha, ndipo akakwiya Chinyanja chinkawathera, zotsalazo n'kumalizira m'Chilomwe.

Ine ndi achemwali anga tinkakonda kusewera zosaka nyama. Tsiku lina masana, kuli nkhungu, ndinatenga chikopa cha mbawala, cha nyanga zake zomwe, achemwali n'kundimanga nacho ndi luzi mpaka kumaso. Ndinalowa chokwawa m'munda wa nandolo kuti adzandisake, osadziwa kuti agogo anali momwemo, akudikirira mbawala yeniyeni imene inkatidyera mbewu.

Ndinangomva fyuu! Muvi unazika pafupi ndi dzanja langa, ukunjenjemera. Ndinakuwa, koma kuthawa sindinathe chifukwa sindinkaona kanthu. Manja okhakhala anandisolola m'chikopamo.

"Ndiwe yani?" anatero agogo.

"Ndine, agogo."

"Nenanso."

Ndinanenanso. Anakhala pansi m'matope n'kuyamba kuseka, misozi ili chuchuchu. Ine ndinkayesa mlandu ndi wa chikopa.

"Sindinaching'ambe, agogo, onani!"

Anasolola mpeni n'kuching'amba okha, kudula mutu ndi nyanga zomwe, chikopa chimene wamalonda wina wachiyao anali atachifunsira kale. Ndinadikira ndodo, osabwera. M'malo mwake anandikoleka chotsalacho paphewa, n'kundimanga maseche m'miyendo.

"Masewerawo musaleke," anatero. "Koma nkhope izioneka, miyendo izilira, ndipo kumunda musapitenso. Mbawala yanga iziyenda pabwalo."

Achemwali anadandaula kuti mbawala yolira maseche siikoma kusaka. Agogo ankangondigwira khutu, kundigwira phewa, ngati pali chimene chasowa.

Mudzi wonse unkadziwa kuti agogo saphonya. Nditakula ndinkawafunsa kuti zinatheka bwanji. Tsiku lina amati, "Ndinaona chidendene cha munthu, n'kukhotetsa dzanja." Tsiku lina amati, "Sindinaone kanthu, chala chinangoterera." Anamwalira ndisakudziwa choona.

Lero adzukulu anga akadzifunditsa masaka posewera, ndimanyamuka kukawavundukula kumaso. Amandifunsa kuti, "Agogo, talakwa chiyani?" Ndimati palibe, pitirizani, koma dzanja limakana kuchoka pamutu pawo.