Mawu a Mkazi wa a Sefa

Pakampani yogulitsa mipando, mabedi ndi mafiriji ija, dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Onse ankangoti a Sefa, chifukwa ntchito yawo inali kusefa maina a makasitomala. Musaione ngati yamasewera. Kampaniyo inali ndi masitolo m'matauni ambiri, ndipo sitolo iliyonse inkalemba anthu mmene yafunira. Mayi mmodzi yemweyo ankapezeka m'kompyuta kangapo: uku ndi dzina la bambo ake, uku la mwamuna wake, uku nambala ya foni ya mlamu wake. Lole inkakatula bedi kunyumba imene mwiniwake anasamukamo kale.

A Sefa anayamba ngati kalaliki wokopera maina pamanja. Makompyuta atabwera anawakweza, n'kuwapatsa kachipinda kopanda windo kunsi kwa masitepe, ndi lamulo limodzi: munthu mmodzi, mbiri imodzi. Iwo analigwira ngati chipembedzo. Malamulo enawo analemba okha, abwana n'kumangosaina. Wantchito asatsegule mbiri ya m'bale wake. Kasitomala akamwalira, chaka chikatha zonse zifufutidwe, ngakhale mawu amene kampani imajambula munthu akaimba foni kudzadandaula. Ndipo anaumirira kuti kompyuta izifufuta yokha, pasakhale dzanja la munthu loti n'kupemphedwa chifundo.

Kunyumba kunali kwina. Mkazi wawo anali telala wa pakhonde, mayi wapakamwa, woti akaseka agalu a kwa aneba ankauwa. Kamera ankadana nayo. Mukamuloza ndi foni ankaphimba nkhope ndi nsalu imene akusoka. Foni yake inali kafoni ka mabatani, koimbira basi.

Tsiku lina firiji imene anagula kukampani komweko inayamba kulira, ndipo mayiyu sanadikire kuti mwamuna wake aweruke. Anaimba ku ofesi ya madandaulo. Anayankha ndi mayi wina amene anzake ankamutcha Chinkhwe, chifukwa akangomumva munthu kamodzi ankamutsanzira ndendende.

Pa nthawi ya tiyi Chinkhwe anagwira m'chiuno, n'kutulutsa mawu a mkazi wa a Sefa: "Kodi mwandigulitsa firiji kapena chigayo? Mwamuna wanga amagwira konko, wamtali wosaseka uja. Mukamuuze kuti lero agona nayo yomweyi!"

Anthu anaseka mpaka misozi. A Sefa anatenga kapu yawo n'kubwerera kunsi kwa masitepe.

Patapita miyezi, kompyuta inaulula kuti Chinkhwe watsegula mbiri ya mwamuna wake. Bamboyo anagula bedi, koma bedilo kunyumba silinafike, ndipo mayiyu ankafuna kudziwa kumene lole inakalitula. Anakuona kumeneko, kwa mkazi wina, n'kulira. Kenako anapita kwa a Sefa, n'kugwada pasimenti.

"Bambo, ndalakwa. Ndili ndi ana. Musapite nazo kwa abwana."

"Mayi, lamulo liposa mphamvu," anatero a Sefa.

Anamuonetsa msana wa njira sabata yomweyo. Kuti kutsanzira kuja kunalibe mbali pa nkhaniyi, ine sindingalumbire. Chinkhwe anaika katebulo panja pa geti, n'kumagulitsa machaja ndi makava a foni. A Sefa ankadutsa pomwepo m'mawa ndi madzulo, maso ali kutsogolo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mkazi wawo anadwala pang'ono chabe, n'kutsikira kuli chete, kuwasiyira kamtsikana kamene kanali kasanayambe sukulu. Atabwerera kuntchito, a Sefa anapereka okha kalata ya imfa kwa mnzawo wa mu ofesi kuti alembe pa mbiri ya mkazi wawo kuti anamwalira. Okha sakanalemba, poti anali m'bale. Anthu anati bamboyu ali ndi mtima wamwala. Ayi ndithu, ankangosowa pena pogwira.

Chaka chili pafupi kutha, mwana uja anafunsa akumumanga nsapato: "Adadi, amayi ankalankhula bwanji?"

"Mokweza."

"Tayesani."

Anayesa, koma panatuluka mawu awo omwe, okhuthala, achibambo. Mwana anapukusa mutu. Ndipo a Sefa anagwidwa ndi mantha, chifukwa atafufuza m'mutu mwawo anapeza kuti zimene mayiyo ankanena akuzikumbukira, koma kamvekedwe kake kakuthawa. M'foni mwawo munalibe. Kwa azilamu awo kunalibe. Padziko lonse mawuwo anatsala malo amodzi: m'kompyuta ya kampani, akukalipira firiji. Ndipo mwezi womwewo ukatha, afufutidwa.

Anakwera masitepe kupita kwa mayi woona zamalamulo pakampanipo, chinthu chimene sanachitepo pa nkhani yawoyawo. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuvula magalasi.

"A Sefa, pepani kwambiri. Wopempha mawu ojambulidwa ndi mwini wake yekha. Wachibale abwere ndi chilolezo cha kukhoti, ndipo inu mukudziwa mmene zimachedwera."

"Ndiye muimitse kufufutako kaye."

"Ndiimitse ndi chiyani? Munakana ndinu kuti pakhale poimitsira."

Anatsika masitepe, n'kubwerera m'kachipinda kawo.

Njira inalipo, ndipo ankaidziwa kuposa aliyense. Kiyi wotsegulira mbiri iliyonse anali ndi iwo. Kungodina, kuyandikiza foni n'kujambula mawuwo, mwana n'kukamva mayi ake. Koma kompyuta ikanaulula tsiku lomwelo, monga inaululira Chinkhwe, ndipo abwana sakanachitira mwina. Iwo eni anaonetsetsa kuti pasakhale kuchitira mwina. Ntchito ikatha, mwana adya chiyani? Nanga pageti paja akadutsa ndi nkhope yanji?

Tsiku lomaliza la mwezi analemba dzina la mkazi wawo m'kompyuta. Linatuluka, mzere umodzi woyera bwino, wopanda mnzake, monga ankafunira maina onse. Chala chinaima pamwamba pa batani lotsegulira mbiriyo. Kunja anthu ankakwera ndi kutsika masitepe. Anabweza dzanja, n'kuliika pabondo. Mawa lake analembanso dzinalo, ndipo kompyuta inayankha kuti munthu wotero palibe. Makinawo anagwira ntchito bwino lomwe, ndipo a Sefa analira m'kachipinda kopanda windo, chitseko chili chotseka.

Ndi madzulo a tsiku lomwelo pamene anakumbukira kuti panalinso pena pamene mawu aja anasungika. Poweruka sanadutse ngati kale. Anaima pa katebulo ka machaja, n'kuvula chipewa.

"Mayi, mwaswera bwanji?"

Chinkhwe anawayang'ana kuyambira kunsapato. "Ndaswera. Mukufuna chaja ya foni yanji?"

"Sindikufuna chaja. Mukukumbukira tsiku limene akazi anga anaimba za firiji?"

"Malemu aja? Ndikukumbukira zonse, ngakhale mmene ankapumira."

"Ndili ndi mwana kunyumba, waiwala mawu a mayi ake. Ndikupempheni, ndibwere naye Loweruka, mudzamuyankhulire kamodzi kokha mmene munachitira tsiku lija. Ndagwira mwendo wanu."

Chinkhwe sanaseke, sanakalipe. Anayamba kulongedza makava m'katoni, limodzi limodzi, ndipo a Sefa anadikira chipewa chili m'manja, anzawo akuntchito akudutsa kumbuyo kwawo.

"Inenso ndinanena za ana tsiku ndinakugwadirani lija," anatero Chinkhwe. Anamanga katoniyo ndi chingwe, n'kuisenza. "Pepani bambo. Za makasitomala sitiuza abale awo. Munatiphunzitsa ndinu."

A Sefa anafika kunyumba mwana atakhala pansi pafupi ndi firiji, akujambula ndi pensulo. Firijiyo inali ikulirabe, poti palibe anabwera kudzaikonza. Mwana anadzutsa mutu.

"Adadi, mwakumbukira?"