Maloto Omwe Sindinalote

Mwana wathu atatuluka m'chikuta ku Kapata, chaka cha njala cha ufa wachikasu chija, apongozi anga anali atasankha kale dzina: Eliya, la malemu amuna awo. Ine mtima unali pa malemu amalume anga a Zakeyo, amene ankandikweza njinga kudutsa minda ya thonje ku Kasenengwa, ine n'kumawodzera kumsana kwawo. Koma mkamwini kutsutsa apongozi? Ndinachita mantha.

Ndiye ndinanama, maso ali pansi. "Amayi, ndalota amalume akupempha dzina lawo."

"Anabwera bwanji?" anafunsa apongozi.

"Pa njinga, thonje likuuluka ngati mitambo."

Apongozi anapukuta misozi ndi chitenje. "Akufa sakanizidwa, bambo. Akhale Zakeyo Eliya. Anga aja sanandiyenderepo kutulo n'kamodzi komwe, akhale pambuyo."

Manyazi anandigwira, koma bodzalo sindinaliulule.

Mnyamatayo anakula, dzina n'kumukhala. Amalume ndimawalotadi masiku ano, njinga yomweyo, thonje lomwelo. Koma saima. Amangondiyang'ana n'kuliza belu, ndipo pakaliyala, pamalo panga paja, pamakhala malemu a Eliya.