Nkhokwe ya Goodson Zulu

Goodson Zulu wa ku Madzimoyo anakula akudana ndi khasu, ndipo wakalamba choncho. Chaka chatha mlangizi wa zaulimi anatiuza kuti akatswiri amatenga tizigawo ta m'kati mwa udzu wakutchire n'kutilowetsa mu tirigu kuti asamagwidwe ndi matenda. Goodson anamvapo zimene ankafuna. Analeka kupalira chimanga chake.

"Atate ake Edita, munda wasanduka thengo," anadandaula mkazi wake Zelipa. "Tidzadya chiyani?"

"Usiyeni udzuwo, amake mwana. Ukupatsira chimanga mphamvu. Ndi sayansi."

Akatswiriwo ntchitoyi amaigwira zaka zambiri ndi makina awo. Iye anaigwira atagona pansi pa mtengo wa mango. Anakolola madengu awiri basi. Udzu ndiwo unachita bwino, moti m'mudzi monse palibe nkhokwe yofoleredwa bwino ngati yake yopanda kanthuyo.